Tanvi Wachepetsa Choziziritsa

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndachepetsa mphamvu ya choziziritsa."

Farhan, mnzake wa mu labotale, anagwira kumutu, koma Tanvi sanachotse maso pa sikirini. Kuseri kwa khoma, m'paipi yozungulira ngati mphete, tinthu tosaoneka ndi maso tinkathamanga ngati kamtsinje. Ntchito ya Tanvi inali kuziziritsa kamtsinjeko kuti tinthuto tisiye kunjenjemera, tiyende pamodzi mothithikana. Koma kakangozizira bwino, kankayamba kugwedezeka n'kumwazikira m'makoma a paipi. Lero linali tsiku lake lomaliza pa makinawa. Kakamwazikanso, digiri yake idikira chaka china.

"Choziziritsa cha a Pulofesa Chaturvedi?" anatero Farhan. "Chomwe anachiswera kokonati n'kuchiveka nkhata ya maluwa pochidalitsa chija?"

"Unakwerapo sitima ya ku Ujjain pa chikondwerero?" anatero Tanvi. "Nawonso tinthuti n'chimodzimodzi. Mukathinana kwambiri, mmodzi akayetsemula mumagwa nonse. Ndangotipatsa mpata wopumira."

Kadontho kobiriwira koimira kamtsinjeko pa sikirini kanafika paja kamafera masiku onse. Kanatutumuka pang'ono.

Kanakhazikika, n'kumangowala phee ngati sikanavutepo.

Farhan anakuwa mpaka kugwetsa kapu ya tiyi. Anatsegula bokosi la jalebi, zokazinga zoviika m'manyuchi, lomwe anagula kuti amupepesere nalo zikakanika, n'kumulowetsa imodzi m'kamwa. Tanvi ankaseka, manyuchi akutsikira pachibwano.

Kenako m'khonde munamveka ndodo ya a Pulofesa, go, go, go.

"Ndiye achemwali anzerunu," ananong'ona Farhan, "awauze ndani kuti mwana wawo wovala nkhata uja amagwira bwino ntchito akamufooketsa?"