Mbale ya Maselo a Mwamuna Wanga

"Alamu, mbale iyi tiitaye. Maselo akalamba, sakugawikananso," anatero mnzathu wa mu labotale, atagwira botolo la mankhwala ophera tizilombo.

Ndinawapempha kuti ndiyang'anemo kaye komaliza.

Maselowo, tizidutswa tamoyo timene timapanga thupi, anali a mwamuna wanga. Chaka chatha anachotsetsa kachikopa pamkono pake kuti tizifufuzirapo, akuseka kuti tsopano ndizimuona ngakhale atapita kutchuthi. Tinamuika m'manda miyezi inayi yapitayo, koma m'mbalemo ndinkamudyetsabe Lolemba ndi Lachinayi lililonse.

Ndinaika diso pa maikulosikopu. Maselo anali atandandana kuloza mbali imodzi ngati udzu wogonetsedwa ndi mphepo. Mwamuna wanga ankakonda kuuza ophunzira kuti mnofu wathu uli ngati timadzi ta m'galasi la foni: umayenda ngati madzi, koma m'mizere. Pamene mizereyo yasemphana, selo la pakati limapanikizika, limafa, ndipo anzake amalikankhira kunja.

Ndinapeza malo otero. Selo limodzi linali litayandama lokha pamwamba. Anzake anali atatseka kale mpata wake, osasiya ngakhale chipsera.

"Taona kukongola kwake, thupi silichedwa ndi maliro," ankatero mwamuna wanga, maso ali ngwee.

Ndinadzutsa mutu. Mnzathuyo anali atakhala pampando wa malemuyo, jasi lake loyera atalikoloweka pa msomali womwe mwamuna wanga ankakolowekapo lake.

"Thirani mankhwalawo," ndinatero. "Koma chivundikiro cha mbaleyo mundipatse. Mwamuna wanga analembapo ndi dzanja lake."