Amene Achimwene Anawauza

"Ndiye kuti anthu amenewo akudziwa zonse?" anafunsa Mzime.

"Zonse ayi," anatero wokonza mafoni, akuloza timanambala pafoni ya malemu achimwene ake a Mzime. "Foni ikafuna kutsegula tsamba pa intaneti, imayamba yafunsa njira. Akulu anuwa anatchera kuti izifunsa kukampani ina yaulere. Kumeneko amaona dzina la tsamba lililonse lomwe foniyi yafunsa."

Mzime anasisita galasi long'aluka la foniyo. Miyezi isanu achimwene ankangowonda, ukawafunsa ankati ndi kutopa. Ngakhale mayi sanawauze kanthu. Mufonimo anafufuta zonse asanagonekedwe m'chipatala.

"Ndiye alembereni. Andiuze ankawerenga za matenda anji."

"Aa, bwana, mulembera ndani? Ndi makina amenewo. Amati amafufuta pakapita masiku, koma ndani anakaonako?"

"Ndiye akudziwa kapena sakudziwa?"

Wokonza mafoni anangotambasula manja. "Poti foniyi mukukapatsa mayi, ndichotse zimenezi? Akampaniwo asamaonenso zomwe mayi azitsegula."

Mzime anaphimba foniyo ndi dzanja.

"Tadikirani kaye," anatero. "Mwina anthu amenewa ndi okhawo amene achimwene anawauza za matendawo."