Kasupuni ka Aphunzitsi Maliro

Lufina anayang'ananso pathandala. Tizitsulo tonse tinalipo, ka mkuwa, ka mtovu ndi tina tija ta mayina opinda lilime. Kasupuni kokha ndiko panalibe.

Tizitsuloti sitinali toseweretsa. Ana amene a Maliro anawaphunzitsa sayansi kalekale ku Kasinje kuno, ena ali ku Lilongwe ena kunja, anasonkherana pafoni. Anaphatikana ndi anthu a mayiko akutali kulipiriratu amisiri ena kuti apange tizitsulo tokongoletsa patebulo, kalikonse ka mtundu wakewake, kosasakaniza ndi china. Anadikira chaka chathunthu. Tsiku limene phukusi linafika, a Maliro ndi imvi zawo anaponda ngoma pakhonde, nkhuku mpaka kuthawa.

Koma mtima wawo unali pa kasupuni kowala mbee. Tinato tinkakhala patebulo. Iko ankakasunga m'kachitini kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, ndipo mlendo akapempha kukagwira ankangomuonetsa n'kukabweza msanga. Lufina anali atagwira ntchito m'nyumbamo zaka zisanu ndi zinayi, sanafunike kuchita kuuzidwa. Chimene mwiniwake salola kuti mnzake achigwire ndiye cha mtengo wapatali.

Tsono lero kunali kutatsala tsiku limodzi kuti eni mphatso aja abwere kudzaona aphunzitsi awo. A Maliro atalawirira ku boma kukagula zophikira alendo, Lufina anati fumbi lisatichititse manyazi. Anatsuka tizitsulo tonse, kasupuni komwe, n'kutiyanika pathandala monga imayanikidwira mbale iliyonse yotsukidwa m'dziko muno. Kenako ananyamuka ulendo wa kumjigo, kumene mzere wa ndowa unamudyera m'mawa wonse. Pobwerako, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anapeza mwana wake Sungani atakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi thandala lija.

Mbiri ya Sungani panalibe wosaidziwa. Anagonapo zaka ziwiri m'ndende ku Joni chifukwa choba mawaya a mkuwa. Atabwerako anakalumbira pamanda a bambo ake, amene chifuwa cha kumigodi chinawatenga, kuti wasiya. Kwa miyezi isanu tsopano ankawotcherera mafelemu a mawindo pamsika, ndipo Lufina anali atayambanso kudzutsa mutu kutchalitchi. Mawu amodzi okha ndiwo anamuuza mayi ake tsiku lobwera lija: “Anthu onse anditche wakuba, ndipirira. Koma mukadzanditchula inu, ndidzapita komwe simudzandionanso.”

Lufina anagwira njakata. Anafufuza m'beseni, m'chitini, m'mphika, ngakhale m'thumba la makala. Kodi pabwalo pano panafikanso wina? Panalibe. Nanga ndani m'Kasinje monse amadziwa kusiyanitsa chitsulo chamtengo ndi chachabe pongochiyang'ana? Mtima unamuwawa kwambiri, pakuti yankho linali litakhala phee pamthunzi, likupukuta thukuta.

“Sungani, bweza kasupuni ka aphunzitsi.”

“Kasupuni kanji, amayi?”

“Ndagwira mwendo wako, mwanawe. Bweza asanafike, nkhani ithere pompano. Bambo amenewa ndiwo anatigulira bokosi pamaliro a bambo ako. Ukufuna ndiwayang'ane ndi maso ati?”

“Sindinatenge kanthu ine. Ndangobwera kudzakuonani.”

Akazi a aphunzitsi ena anali atayamba kale kusuzumira pampanda, ena kunamizira kuanula zovala zosauma. Manyazi anamulanda Lufina nzeru. Anamugwira mwana wakeyo pa lamba, mwamuna wandevu zake, n'kumupisa m'matumba anthu akuonerera. Anatulutsamo machesi, magalasi akuda owotcherera ndi kapepala ka mapilitsi.

“Wakabisa kuti? Wakuba iwe! Wakuba sasintha!”

Mawuwo atatuluka, Sungani anawerama. Anatola kapepala kaja pansi, n'kukasansa fumbi, n'kukaika pathandala.

“Awa ndi mankhwala a miyendo yanu aja. Muzimwa awiri mukadya.”

Anatuluka pachipata osacheuka. Patangopita kanthawi Lufina anamva njinga yamoto ya kabaza ikulira kuloza kumsewu waukulu. Anayesa kumuimbira foni dzuwa litapendeka, koma inali yozima.

A Maliro anafika cha m'ma folo, thumba la mpunga paphewa. Anapeza Lufina atagwada pakati pa bwalo, maso ali psuu.

“Aphunzitsi, kasupuni kanu kabedwa. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ngati n'kupolisi, nditengeni ine, koma mwana wanga musamutchule. Akalowanso m'ndende sakatulukamo wamoyo.”

“Dzukani, amake Sungani. Munakatulutsa m'chitini?”

“Ndinakatsuka. Ndimati alendo akapeze kowala.”

“Mutatsuka munakaika pati?”

Lufina analoza pathandala. Mkuluyo anatula thumba lija, n'kugwada ndi maondo ake okalambawo, n'kusuzumira kunsi kwa timitengo. M'fumbi munali timadontho towala mbee. Anatiwola ndi tsamba la mango, tikuyenda ngati madzi.

“Palibe chabedwa pano, mayi. Ameneyu ndi galiyamu, chitsulo chosungunuka ngakhale m'chikhatho, nanji padzuwa. N'chifukwa chake ndimamubisa kuseri kwa mtsuko.”

Lufina anatembenukira kunjira. Fumbi la njinga ija linali litakhazikika kalekale.