Kuseka kwa Dora pa Sitima ya Petulo

Panali munthu wina ku Constanța, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, mayi wachitsikana dzina lake Doina, amene sankaona tulo chifukwa cha foni ya mwamuna wake.

Mwamunayo, Ilie, ankagwira ntchito pa sitima yapamadzi yonyamula petulo. Sabata imeneyo ankadikira woyendera, munthu amene makampani a mafuta amatuma kukaona ngati sitima ndi anthu ake ali otetezeka. Akapeza cholakwika chachikulu, makampaniwo amaikana sitimayo, osaipatsanso katundu. Choncho aliyense anali kalikiliki kukwecha dzimbiri, kupenta, kuyesa mapampu ozimitsira moto, kutsitsa ndi kukweza boti lopulumukira. Kaputeni ankawafunsa mafunso ngakhale pa chakudya. Ndipo anali atalonjeza Ilie kuti zikayenda bwino amukweza kukhala kapitawo.

Koma Doina anali ndi diso. Ilie akaimba foni ya vidiyo kuti aone mwana wawo Dora, amene anali atangoyamba kukwawa, kumbuyo kwake kunkaoneka mapaipi, osati khoma la chipinda chake.

"Ilie, uli panja, pamwamba pa sitima. Suja unandiuza wekha kuti foni siloledwa kumeneko? Kuti mpweya wa petulo umangofuna kamoto kakang'ono?"

"Ndabisala, iwe. M'chipinda netiweki sigwira. Musendeze pafupi mwanayo ndione kadzino kaja."

"Woyendera akubwera liti?"

"Lachinayi."

Doina anayang'ana kalendala. Lachinayilo linali tsiku la Ilie Woyera, tsiku la dzina la mwamuna wake. Mwa mwambo wa kumeneko, abale onse adzakhala akumuimbira kuyambira m'mawa kumufunira zaka zambiri.

"Tsiku limenelo lokha foniyo uisiye m'chipinda. Ndakupempha."

"Ndiitseka pakamwa, siilira. Woyendera amayang'ana mapaipi, osati matumba a anthu. Iwe ukanakhala kaputeni, bwenzi tonse titathawa!"

Kutacha, Doina anayamba kuimbira abale mmodzimmodzi, amalume, ankhoswe, mpaka anzake a Ilie akumpira, kuwapempha kuti adikire madzulo. Onse anamvetsa. Kenako ananyamula Dora ulendo kwa apongozi ake, mayi Veta.

"Mwana wanga, ndinamubereka ndine, dzinalo ndinamupatsa ndine," anatero mayi Veta. "Chiyambire kuyenda panyanja sindinaphonyepo kumuimbira tsiku limeneli."

"Amayi, mpaka madzulo basi."

"Chabwino, chabwino," anayankha akutakasa supu, osamuyang'ana.

Zimene zinachitika Lachinayi, Doina anazimva pambuyo pake. Sitima inali padoko ikutsitsa petulo. Woyendera anali bambo waimvi wa ku Greece, wolankhula motsitsa mawu. Anazungulira ponseponse osapeza chodandaula nacho. Atafika pamene mapaipi a sitima amalumikizana ndi a kumtunda, anafunsa Ilie chimene angachite paipi itaphulika. Ilie anayankha bwino, kaputeni mpaka anamwetulira.

Nthawi yomweyo pachifuwa pa Ilie panamveka mwana akuseka.

Kunali kuseka kwa Dora, kumene Ilie anajambula kuti foni izilira choncho. Analetsadi kulira kwa foni, koma anaiwala kuti nambala ya mayi ake anaikonza kale kuti izilira nthawi iliyonse, poti mayiwo amadwala mtima.

"Musaigwire," anatero woyendera. "Tiyeni mkati."

Dora anapitiriza kuseka njira yonse. Atalowa, woyendera anafunsa, "Ndi wanu mwanayo?"

"Inde, bwana."

"Amaseka bwino. Pa sitima pano pali abambo angati a ana oseka chonchi?"

Ilie anangowerama.

Kampani ya mafuta inaikana sitima ija. Inakaima kunja kwa doko yopanda katundu, ndipo anzake a Ilie amene manja anatuluka matuza ndi kukwecha dzimbiri sankamuyang'ana n'komwe. Ukapitawo unapita kwa wina. Kaputeni anamutumiza kunyumba kuti akayambe waphunziranso za chitetezo, ndipo akamaliza adzakwere sitima ina.

Atafika kunyumba anakhala pampando jekete osavula. Mayi Veta anali pomwepo, akulira.

"Ndine ndakulakwira, mwana wanga. Ndinangoti ndimve mawu ako pang'ono."

"Ayi, amayi. Foni sinalowe yokha m'thumba."

Doina sananene kuti "ndinakuuza". Anamuvula jekete, anamuika Dora pamiyendo, n'kukatenthetsa supu.

M'mawa mwake anatulutsa ovololo ya Ilie m'chikwama. Anatenga kasokosi kamodzi ka Dora, kachikasu kothimbirira ndi kukwawa, anakalowetsa m'thumba la pachifuwa lija, n'kusoka thumbalo ndi ulusi wolimba mpaka chala sichikanalowa. Ilie anamupeza akudula ulusi ndi mano.

"Ukutani ndi ovololo yanga?"

"Ukamusowa mwana uli pantchito, uzigwira apa. Kasokosi sikalira."

Ilie anagwira pathumbapo, anaseka mpaka misozi. Kenako anafunsa, "Nanga matumba enawa?"

"Usadandaule," anatero Doina. "Ulusi ulipo wambiri."

Phunziro: Lamulo la pantchito limene ukuti likukulekanitsa ndi banja lako ndi lomwelo limakubweza kunyumba wamoyo, iwe ndi anzako. Wokukonda akakuchenjeza, usamuseke. Ndipo ife otsala kunyumba, tikauzidwa kuti tidikire madzulo, tidikiredi. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi m'bale wogwira ntchito pafupi ndi mafuta, ifike foni yake isanalire pamalo olakwika.