Nseru ya Woinshet

Woinshet atathamangira kubeseni kachiwiri, mayi Zewditu analeka kukayika. Anali atafika m'mawa womwewo pa basi yoyamba yochokera ku Ankober, ndipo zimene woyandikana nyumba ndi Woinshet anawanong'oneza pafoni tsopano ankaziona ndi maso awo. Mkazi wa mwana wawo ankasanza. Nkhope inali itatuwa, kuyenda kwake kunali kogwiririra zipupa. Mayi Zewditu anabereka ana asanu ndi awiri, zoterezi sankachita kufunsa munthu.

Koma mwana wawo Gezahegn anali ku Djibouti, komwe ankagwira ntchito padoko, ndipo uwu unali mwezi wachisanu ndi chiwiri asanaponde pakhomo.

Kunja chifunga cha mu Debre Birhan chinali chitaphimba mpaka mpanda. Mayiwo anakhoma chitseko, natsekanso kazenera kamene kanali kotsegula pang'ono. Nkhani ngati iyi sinkayenera kumveka kwa aneba. Atamva kuzizira m'mafupa, anatsegula mbaula yachitsulo imene Gezahegn anagula asanachoke, nathiramo makala mpaka kukamwa.

"Amayi, kamuviko kasafike pofiira," anatero Woinshet mofooka, akuloza kawotchi koyezera kutentha kamene kanamatidwa papaipi ya utsi. "Ndipo zeneralo a Demissie anati..."

"A Demissie!"

Dzina limene woyandikana nyumba uja anatchula pafoni linali lomwelo. Demissie, wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika, amene ankalowa m'nyumba muno kawiri pa sabata, ati kudzaona mbaula.

"Khala apo. Ndi mbaula yanji imeneyi yodwala kawiri pa sabata? Ili ndi malungo?"

Woinshet anakhala pamphepete pa bedi, atadzifunditsa gabi, nsalu yochindikala yathonje, mpaka m'khosi.

"Kusanzaku wayamba liti?"

"Masabata atatu apitawa, chiyambireni kuzizira."

"Mutu?"

"Tsiku lililonse. Ndi chizungulire."

"Ndiye ukufuna ndikuuze ine dzina la matendawo?"

Mtsikanayo anadzutsa nkhope. Atamvetsa chimene apongozi ake ankatanthauza, anagwira kamtanda ka m'khosi mwake.

"Ndikulumbira pa Mariya Woyera, amayi, palibe mwamuna wandikhudza."

"Usamulowetsemo Mariya. Iye yekhayo ndiye zinamuchitikira choncho."

Mayi Zewditu anatulutsa foni m'chikwama naiika patebulo. Anamuuza kuti amupatsa mpaka belu la masana la kutchalitchi. Akaulula yekha, nkhaniyo ikambidwa ndi akuluakulu mwakachetechete. Akapitiriza kukana, Gezahegn amva lero lomwe, ndipo madzulo akhala ali pa basi ya kwawo ndi katundu wake.

Anakhala moyang'anizana. Mbaula inkalira ngati mphepo ya m'phanga. Chitsulo chake chinayamba kuthetheka, m'mbali mukufiira, ndipo kamuvi kaja kanadutsa pofiira popanda woyang'anako. Woinshet analira, kenako analeka. Mayi Zewditu ankamva mtima ukugunda m'makutu ndi ukali. Anakumbukira mmene anavinira pa ukwati wa awiriwa, mmene anamuvekera mtsikanayu ndolo zimene iwo anasiyiridwa ndi mayi awo.

"Amayi, tsegulaniko..." Mawuwo anathera m'kamwa. Woinshet anapendekeka pang'onopang'ono mpaka mutu unagunda chipupa.

"Dzuka. Zokomokazo ukawanamize ena."

Sanadzuke.

Pomwepo pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi! Ndine Demissie!"

Mayi Zewditu anaimirira. Mulungu anali atamubweretsa yekha. Miyendo inkalemera ngati yomangiriridwa miyala, koma anakafika pachitseko nachotsa loko. Panja panaima bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, atanyamula paipi yatsopano paphewa.

"Lowani, eni mimba," anatero mayiwo. "Lowani mudzaone ntchito yanu."

Demissie anasuzumira m'nyumbamo. Maso ake anali pa mbaula yofiira ija ndi pazenera lotseka. Anaponya paipiyo pansi, nawakankhira pambali, nathamangira kubedi. Anamunyamula Woinshet ngati thumba la mbewu ya tefu, nakamugoneka pabwalo, akukuwira aneba kuti aitane bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, yopita kuchipatala. Mphepo yozizira itamuwomba, mtsikanayo anakhosomola, natsegula maso.

Mayi Zewditu anafuna kukalipa, koma bwalo lonse linazungulira. Anagwada pakhomo pomwepo, zonse zimene anadya pa basi zikutuluka, pamaso pa azimayi amene anali atayamba kusonkhana.

"Paipi yakaleyo inang'aluka ndi moto, ikutulutsira mpweya woipa m'nyumba. Ndinanena kuti zenera lisatsekedwe mpaka ndipeze ina," anatero Demissie akupuma mwawefuwefu. Kenako anawayang'ana mayiwo, a zaka makumi asanu ndi awiri, akusanzabe atagwira mutu. "Kapena yanuyinso, amayi, mukuti ndi yanga?"