Kamtanda pa Chitsulo cha Nyukiliya

Ntchito yanga kunja kwa dziko lino n'kusakaniza chitsulo ndi ufa wa okisaidi kuti chisafewe m'ng'anjo za nyukiliya. Atamwalira bambo, omwe ankasula makasu ku Khuyu, ndinabwera kumudzi ndi kachidutswa ka chitsulocho.

Usiku wina ndikupita nako kukaonetsa amalume ku Yofu, ndinamva nyundo ikulira pachisakasa chimene bambo ankasulirapo.

"Thandi, sichinapse chimenecho," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Bwera nacho."

Ndinathawa osacheuka. Pakhomo amalume anaunika m'dzanja langa ndi tochi. Kachitsulo kaja, kamene makina athu amavutika kukapinda, kanali kofunda, kopindika, ndipo kanali ndi kamtanda kamene bambo ankadinda pa khasu lililonse.

"Lowa msanga," ananong'ona amalume. "Alamu sankasiya ntchito pakati."

Nyundo inaliranso, tsopano kuseri kwa nyumba.