Mabauti Aafupi pa Galimoto ya Mkwatibwi

Panali munthu wina ku Magodi, dzina lake Haswell, amene ankasamala kwambiri galimoto yakale ya malemu atate ake. Mwana wake Keziya atatsala pang'ono kukwatiwa, iye analumbira kuti mkwatibwi adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyo basi. Poona kuti mabuleki akumbuyo afooka, anachotsa madilamu akale n'kuikamo madisiki amakono.

Mlamu wake Ezron, amene ankamuthandiza, anamanga nati imodzi n'kuima.

"Mulamu, disiki iyi ni yonenepa, yadya malo. Mabauti ogwila wilo afupika. Onani, nati yangogwila kunsonga. Tumani aatali ku Chipata."

"Mabauti awa anayenda na adada mpaka ku Lusaka," anatero Haswell. "Sinitaya chitsulo chawo. Imwe mumaopa na njinga yomwe."

"Njinga sinyamula mkwatibwi, mulamu."

Haswell sanamve. Anaponda sipanala ndi phazi mpaka manati analira, n'kunena kuti zatheka.

Pa tsiku la ukwati ananyamula Keziya ndi amayi ake, akazi oimba akutsatira pa lole. Anathamangitsa galimoto kuti anthu aione. Kutsogolo kunali mtsetse wopita ku mlatho wopapatiza, wopanda zotchinga m'mbali.

Asanayambe kutsika, ng'ombe zinatuluka m'tchire n'kudzaza msewu wonse. Haswell anaponda buleki, akuzitukwana ndi kuliza hutala. Ng'ombe sizinapatuke. Galimoto inayamba kukwawa ngati munthu woyenda pansi.

Pomwepo kunamveka kuti gwa! Galimoto inakhala pansi mbali imodzi. Wilo lakumbuyo linadutsa pakati pa ng'ombe, linatsika mtsetse lokha, linafika pa mlatho, linadumpha, n'kukagwera pa miyala pansi. Nyimbo za pa lole zinathera pakamwa.

"Adada," anafunsa Keziya motsitsa mawu, "wilo lija ni lathu?"

Haswell anatsika. Anagwira mabauti aja, napeza nsonga zake zasalala zonse. Anayang'ana mlatho, anayang'ana mwana wake mu diresi loyera, wopanda ngakhale bala. Munthu uja anavula chipewa, nagwada m'fumbi ndi suti yake, ng'ombe zikumudutsa uku ndi uku.

Phunziro: Ukasintha chitsulo chimodzi, yeza zonse zogwirana nacho. Nati igwire bauti mokwanira, ndipo wokuchenjeza umumvere. Mulungu anatchinga msewu tsiku limenelo, koma si wantchito wako kuti azikonza mphwayi zako. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amakonza yekha galimoto.